LEWIS HINE, MPHUNZITSI AMENE ANAPHUNZITSA DZIKO NDI ZITHUNZI

Munthu akafika pa chipatala, pa sitolo kapena pa msika, amaona mapepala akulu omatidwa pa makoma, okhala ndi chithunzi ndi mau owerengeka. Ena amawatcha zikwangwani, ena amawatcha mapositala. Nchito yao ndiyo kuimitsa munthu wodutsa ndi kumuuza kanthu msanga, asanapitirire ulendo wake. M'masukulu akulu muli anyamata ndi atsikana amene amaphunzira luso lokonza mapepala otere, pamodzi ndi luso losimba nkhani ndi zithunzi. Luso limeneli silinayambe dzulo ai. Liri ndi mbiri yake, ndipo m'mbirimo muli dzina la mphunzitsi wina wa ku America, Lewis Hine, amene anatenga kamera ndi kabuku ka m'thumba, nayenda m'dziko lake kufunafuna ana ogwira nchito m'mafakitale ndi m'migodi.

Moyo wa munthu ameneyu uonetsa kuti chithunzi chimakhala mboni yamphamvu pamene wochijambula wasamala choonadi, nalemba pansi pake mau oona amene adani ake sangathe kuwagwetsa.

UBWANA WAKE NDI UPHUNZITSI WAKE

Lewis Hine anabadwa pa 26 September 1874 m'tauni ya Oshkosh, m'chigawo cha Wisconsin. Atate wake anafa pa ngozi m'chaka cha 1892, iye ali mnyamata wa zaka 18, ndipo katundu wosamala banja anagwera pa mutu pake. Analowa nchito m'fakitale yokonza mipando, m'mene anali kugwira maora 13 pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, nalandira madola 4 okha mlungu ukatha. Chotero kutopa kwa munthu wa m'fakitale anakudziwa ndi thupi lake lomwe, asanayambe kukujambula.

Koma mtima wake unali pa maphunziro. Anasunga tindalama pang'onopang'ono, naphunzira za uphunzitsi, ndipo m'chaka cha 1901 mphunzitsi wake, Frank Manny, anamtenga kunka naye ku mzinda wa New York. Kumeneko Manny anali mkulu wa sukulu yotchedwa Ethical Culture School, ndipo Hine anayamba kuphunzitsa za chilengedwe ndi za maiko. Manny ndiye anamlimbikitsa kugwira kamera, poganiza kuti zithunzi zingathandize ana kumva maphunziro ao.

Pafupi ndi New York pali chisumbu chotchedwa Ellis Island, pamene panali kufikira sitima zodzala ndi anthu osauka ochokera ku Ulaya, odzafuna malo ndi nchito. M'chaka cha 1907 chokha anthu oposa 1,000,000 anadutsa pa chisumbupo. Eni dziko ambiri anali kuwanyoza alendowa chifukwa cha zobvala zao ndi zinenero zao. Kuyambira 1904 Hine anali kupita kumeneko kukawajambula, kuti ana a m'kalasi mwake aone nkhope zao ndi kuwalemekeza. Zinenero zao sanazidziwe, tsono anali kupempha chilolezo ndi manja ndi kumwetulira. Kumeneko ndiko anaphunzira kujambula munthu wosauka mosamchotsera ulemu wake.

ANA A M'MAFAKITALE

Pa zaka zimenezo dziko la America linali kulemera msanga, koma chuma china chinali kuchokera m'thukuta la ana. Kalembera wa 1900 anapeza kuti ana oposa 1,750,000 a zaka 10 kufikira 15 anali pa nchito yolipidwa, ndiko kuti pafupifupi mmodzi mwa ana 6 alionse a msinkhu umenewo. Ambiri anali m'minda, koma enanso ochuluka anali m'mafakitale opota thonje, m'migodi ya malasha, m'nyumba zoumba mabotolo, ndi m'misewu kugulitsa nyuzipepala usiku.

Eni mafakitale anali kukonda ana pa zifukwa zodziwika. Mwana analandira malipiro ochepa koposa munthu wamkulu, sanali kudandaula, ndipo zala zake zazing'ono zinali kulowa bwino pakati pa ulusi. Iwo anali kunena kuti nchito iphunzitsa mwana khama, ndi kuti mabanja a akazi amasiye angafe ndi njala ana akaleka kugwira. Mau amenewa sanali bodza lokhalokha, pakuti makolo ambiri analidi osauka, ndipo anali kuwerengera ndalama za ana ao. Koma mwana wolowa m'fakitale ali ndi zaka 9 anali kukula wosadziwa kuwerenga, ndipo umphawi wa atate wake unali kusanduka cholowa chake.

M'chaka cha 1904 anthu ena achifundo anapanga bungwe lotchedwa National Child Labor Committee, lolimbana ndi mchitidwe umenewu. Analemba makalata ndi timabuku, natchula chiwerengero cha ana obvutika, koma anthu ambiri sanasamale. Chiwerengero chiribe nkhope, ndipo eni mafakitale anali kungokana kuti kwao kulibe ana ang'ono. Bungwelo linasowa mboni yoti munthu aione ndi maso. Chotero m'chaka cha 1908 Hine anasiya kalasi lake, nakhala wojambula wa bungwelo.

M'MENE ANAGWIRIRA NCHITO

Kamera ya masiku amenewo sinali kanthu kolowa m'thumba. Linali bokosi lamatabwa loimika pa miyendo itatu, ndipo chithunzi chinali kugwidwa pa galasi lopaka mankhwala, chithunzi chimodzi pa galasi limodzi. Wojambula anali kupfunda nsalu yakuda kumutu kuti aone bwino, nalowetsa galasilo. M'malo amdima anali kuthira ufa wa magnesium pa kambale ndi kuuyatsa, ndipo unali kung'anima ngati mphezi, nusiya utsi wambiri. Kawirikawiri mwai wojambula unali umodzi wokha. Katundu yenseyu Hine anali kumsenza yekha, pa sitima ya pamtunda ndi pa mapazi, kuchokera chigawo china kunka china.

Bvuto lalikulu linali kulowa pa chipata. Akapitao sanafune kuti anthu akunja aone za m'kati, ndipo nthawi zina anali kumuopseza kuti ammenya. Tsono Hine anachenjera. Pena anadzitcha wogulitsa Mabaibulo, pena woyang'anira za ngozi ya moto, pena wojambula makina. Akaloledwa kujambula makina, anali kupempha kuti mwana aime pambali pake monga ngati afuna kuonetsa kukula kwa makinawo. Akamkaniza konse, anali kudikira kunja kwa chipata mbandakucha, ana akulowa, kapena madzulo akuweruka. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha kotere Hine anali nako.

Koma chimene chinasiyanitsa munthu ameneyu ndi ojambula ena ndicho kusamala kwake pa mau. Anadziwa kutalika kwa batani lirilonse la chobvala chake kuchokera pansi, kotero kuti mwana akaima pafupi naye anali kudziwa msinkhu wake popanda kutulutsa muyeso. Pocheza ndi mwanayo, dzanja lake linali m'thumba kulemba mobisa dzina, zaka, maora a nchito ndi malipiro. Ana ambiri anauzidwa kuti azinama za zaka zao, tsono iye anali kupita ku nyumba zao kukaona masiku obadwa olembedwa m'Baibulo la banja, kapena ku sukulu kukaona m'kaundula. Pa zithunzi zambiri analembanso dzina la mboni imene inalipo, ndipo nthawi zina mboniyo inali mkazi wake.

Chifukwa cha khama lonseli anachifotokoza yekha pa msonkhano wina m'chaka cha 1909. Anachenjeza anthu kuti ngakhale chithunzi chimaoneka chosanama, munthu wabodza angathenso kugwira kamera. Anadziwa kuti eni mafakitale akampeza ndi bodza limodzi lokha, zithunzi zake zonse zidzatayidwa. Nchifukwa chake sanalole kuti chithunzi chikonzedwe kapena kuonjezedwa kanthu.

ZIMENE ZITHUNZI ZINAONETSA

Mu November 1908, ku Lancaster m'chigawo cha South Carolina, anajambula kamtsikana kataima pakati pa makina opota thonje ndi mazenera. Makinawo ndi aatali, otambalala mpaka kumbuyo kwa nyumba, ndipo kamtsikanako kaoneka kakang'ono ndithu pambali pao. Hine analemba kuti kanali kotalika mainchesi 48, ndi kuti kanali katagwira kale nchitoyo theka la chaka.

Mu January 1909, ku Macon m'chigawo cha Georgia, anajambula tianyamata tiwiri titakwera pa makina amene anali kuyenda. Tinali tatifupi kwambiri kotero kuti sitikadafikira ulusi woduka titaima pansi. Kamodzi kanali kopanda nsapato, zala za kumapazi ziri pafupi ndi zitsulo zozungulira.

Mu January 1911, ku South Pittston m'chigawo cha Pennsylvania, anajambula anyamata osankha miyala m'malasha. Nchito yao inali kukhala chowerama tsiku lonse pamwamba pa ngalande zotsetsereka, m'mene malasha anali kudutsa, ndi kutola ndi manja miyala yosayaka. Hine analemba kuti pfumbi linali lochuluka kotero kuti nthawi zina munthu sanali kuona bwino, ndi kuti kapitao anali kuima kumbuyo kwa anyamatawo kuwatosa kapena kuwaponda kuti amvere.

Chaka chomwecho, ku Biloxi m'chigawo cha Mississippi, anajambula mwana wa zaka 5 wopanda nsapato, atanyamula zitini ziwiri, kumbuyo kwake kuli phiri la zigoba za nkhono za m'nyanja. Mau a pansi pake anena kuti mwanayo anagwiranso nchito chaka chapitacho.

Pa zithunzi zambiri Hine anatsitsa kamera kufikira msinkhu wa mwanayo, kotero kuti mwana ayang'ana woona chithunzi maso ndi maso.  Anawajambula ataima monga anthu, ena akumwetulira, ndipo ichi chinapweteka mitima koposa, pakuti woona aliyense anakumbukira mwana wa m'nyumba mwake. Anthu anayamba kumvetsa chimene mwambi umanena, kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

KUKONZA ZIKWANGWANI

Chithunzi chosungidwa m'bokosi sichiphunzitsa munthu. Pa nthawiyo osindikiza anali atadziwa kale njira yosandutsa chithunzi timadontho tating'onoting'ono ta inki, kuti chisindikizidwe pa pepala limodzi ndi mau. Chotero zithunzi za Hine zinatuluka m'nyuzipepala, m'timabuku ta bungwe lake, ndi m'magazini yotchedwa The Survey. Iye mwini anali kuyendanso m'misonkhano kuonetsa zithunzizo pa khoma ndi nyali yowala, akufotokoza monga mphunzitsi m'kalasi.

Bungwelo linampatsanso nchito yokonza zionetsero. Apa ndipo uphunzitsi wake unaonekera kwambiri. Anali kudula zithunzi, kuzisanja pa chipepala chachikulu, ndi kulemba mau ochepa a malemba akulu, kuti munthu awerenge ataima patali. Anazindikira kuti maso a wowerenga amayamba pamwamba natsikira pansi, tsono anasanja nkhani yake m'njira yomweyo.

Chikwangwani chake chodziwika koposa chinafanizira fakitale ndi makina osandutsa anthu zinyalala. Pamwamba anaika ana athanzi, nawatcha zipangizo zabwino. Pakati anaika ana ali pa nchito, kuonetsa m'mene zipangizozo zimapyolera m'makina. Pansi anaika zotuluka zake, ndiwo ana ofooka, a nkhope zotopa, opanda tsogolo, oyembekeza malipiro ochepa moyo wao wonse. Pothera pake anafunsa funso limodzi, ngati nkoyenera kulola eni mafakitale kusenzetsa dziko lonse mtengo wotere. Mau amene anasankha anali mau a eni mafakitale omwe, a zipangizo ndi mtengo, ndipo anawatembenuza kuti awatsutse eni ake.

M'chikwangwani chimenechi muli malamulo amene ophunzira luso limeneli amaphunzitsidwa kufikira lero. Chikwangwani chinene chinthu chimodzi. Mau akhale ochepa, ndipo asabwereze zimene chithunzi chanena kale. Zithunzi zitsatane monga nkhani, yokhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero. Ndipo wowerenga asiyidwe ndi kanthu koti aganize kapena achite. Hine anatcha kasanjidwe kotere ndi dzina lotanthauza nkhani ya zithunzi.

MLANDU WA ZAKA 30

Munthu angaganize kuti dziko litaona zithunzizo linasintha pomwepo, koma sizinatero. M'chaka cha 1912 boma linatsegula ofesi yoyang'anira za ana, yotchedwa Children's Bureau. M'chaka cha 1916 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Keating-Owen, ndipo Pulezidenti Woodrow Wilson analisaina. Lamulolo linaletsa kugulitsa m'zigawo zina katundu wochokera m'fakitale yolemba ana osafika zaka 14, kapena mu mgodi wolemba ana osafika zaka 16.

Amene anakasuma kuti lamulolo lichotsedwe anali bambo wina wa ku Charlotte, m'chigawo cha North Carolina, amene ana ake awiri anali kugwira naye m'fakitale ya thonje, ndipo eni mafakitale anali kumbuyo kwake. M'chaka cha 1918 Bwalo Lalikulu la milandu linagamula kuti boma lalikulu linalibe mphamvu yopanga lamulo lotere, pakuti nkhaniyo inali ya zigawo. Oweruza 5 anabvomereza chigamulocho, 4 anakana. Boma linayesa njira yina, yoika msonkho pa mafakitale olemba ana, koma m'chaka cha 1922 bwalo lomwelo linakananso. M'chaka cha 1924 Nyumba ya Malamulo inapempha zigawo kuti zisinthe malamulo akulu a dziko. Panafunika zigawo 36 mwa 48, koma zobvomereza zinathera pa 28.

Ngakhale zinali chomwecho, maganizo a anthu anali atatembenuka. Zigawo zambiri zinapanga malamulo ao, ndipo pofika 1918 chigawo chirichonse chinali ndi lamulo lokakamiza ana kupita ku sukulu. Kalembera wa 1920 anapeza ana ogwira nchito oposa 1,000,000 pang'ono. Kutsika kumeneku sikunachokere ku zithunzi zokha ai. Masukulu anachuluka, makina atsopano anachepetsa nchito za manja, ndipo mabungwe a anchito anali kulimbana nao mlanduwo. Chimene zithunzi zinachita ndicho kutseka pakamwa pa onena kuti ana otere kulibe.

Potsiriza, m'chaka cha 1938, Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo la Fair Labor Standards Act. Linaletsa ana osafika zaka 16 kugwira m'mafakitale ndi m'migodi, ndi osafika zaka 18 kugwira nchito zoopsa. Bwalo Lalikulu linalibvomereza m'chaka cha 1941. Panali patapita zaka 30 chiyambire Hine ulendo wake, ndipo ana amene anawajambula poyamba anali atakula, ubwana wao utatha kale. Lamulolo silinatetezenso mokwanira ana ogwira nchito m'minda.

MASIKU AKE OTSIRIZA

M'chaka cha 1918 Hine anapita ku Ulaya ndi bungwe la American Red Cross kukajambula anthu osauka ndi othawa nkhondo. Atabwerako anafuna kuonetsa mbali yina ya nchito, ndiyo ulemu wa munthu wamkulu wodziwa luso lake. M'zaka za 1930 ndi 1931 anajambula amisiri omanga nyumba yaitali ya Empire State Building ku New York. Ali ndi zaka 56 anakwera nao pa zitsulo, ndipo anamlendewetsa m'dengu pamwamba pa msewu kuti ajambule bwino. Zina mwa zithunzizo zinalowa m'buku lake lotchedwa Men at Work, la 1932.

Koma dziko linamuiwala. Nchito inasowa, nyumba yake inalandidwa chifukwa cha ngongole, ndipo mkazi wake anamwalira m'chaka cha 1939. Iye anamwalira pa 3 November 1940 ku Dobbs Ferry, pafupi ndi New York, ali ndi zaka 66, ali wosauka. Sanakhale ndi moyo kufikira kumva chigamulo cha 1941.

Zithunzi zake zinapulumuka. Zambiri ziri ku nyumba yosungira zithunzi ya George Eastman ku Rochester, ndipo zoposa 5,000 za ana a nchito ziri ku Library of Congress mu mzinda wa Washington, kumene munthu aliyense angazione pa intaneti, chirichonse ndi mau ake. Mau amenewo, olembedwa mobisa m'thumba, agwirabe nchito. Kuyambira m'chaka cha 2005 wofufuza wina wa ku Massachusetts anatsata maina ndi malo amene Hine analemba, napeza ana ndi adzukulu a ambiri mwa ana aja. Ena mwa iwo anali asanaonepo nkhope ya amai ao kapena agogo ao ali mwana, ndipo sanadziwe kuti anayamba nchito ali wamng'ono chotero.

Lero kamera iri m'lamya ya m'manja, ndipo kompyuta ingathe kusintha chithunzi kapena kupanga cha chinthu chimene sichinachitike. Kujambula kwapepuka, koma kunena zoona sikunapepuke. Wokonza chikwangwani afunika kudziwa dzina la munthu amene wamjambula, malo ake ndi tsiku lake, ndi kumsungira ulemu wake. Nayenso woona chikwangwani ayenera kuwerenga mau a pansi pa chithunzi, ndi kufunsa amene anachijambula ndi chimene afuna. Munthu wodziwa kuwerenga ndiye angathe kufunsa mafunso amenewa, ndipo mwai umenewu ndiwo Hine anafunira ana a m'mafakitale pamene anasiya kalasi lake m'chaka cha 1908.